Chimbudzi Chatsopano cha a Njiri

Padangokhala, inu muvomere chamumtima, panali dziko la nyama kumene ufumu sunali wobadwa nawo. Wolamulira ankachita kusankhidwa, ndipo ankamutchula kuti Wapampando. Pa nthawi imene ndikunenayi pampando panali a Njiri. Sanali ankhanza a Njiri, ayi. Vuto lawo linali mtima. Unali wofewa ngati papaya lakupsa kwambiri, loti ukangolikhudza ndi chala labooka.

Chaka china Kangaude analuka ulusi kuchoka pakhomo lina kufika pakhomo lina, dziko lonse, ulusi wonsewo n'kukumana pa mtengo umodzi wa pabwalo. Ukayankhula pafupi ndi ulusi wa pakhomo pako, mawu ankayenda n'kukamveka m'makomo onse. Poyamba zinali zokoma. Mwana akasowa ankapezeka msanga, maliro ankamveka tsiku lomwelo. Kenaka nyama zinasiya kuyenderana. Aliyense khutu pa ulusi, ndiwo zikupserera pamoto, mwana akulira kumsana.

Tsono mukudziwa kuti mayi akaima pamtondo sasinja chimanga chokha. Zimene zamukhala pamtima amaziimba, kaya ndi za mwamuna, kaya ndi za apongozi, ndipo palibe amene amamutengera kubwalo chifukwa cha nyimbo ya pamtondo. Kale nyimbo zotere zinkathera kuseri kwa nkhokwe. Ulusi utabwera zinayamba kufika paliponse. Tsiku lina mayi wina anaimba za njerewere za kumaso kwa a Wapampando. Sikuti ankanyoza kwenikweni, ankangoziwerenga. A Njiri anamva, ndipo anagona masiku awiri osadya.

Atadzuka anaitana Khwangwala n'kumupatsa udindo wa Mlembi wa Mawu, poona kuti anali kale ndi kolala yoyera, sipafunika telala. Ntchito yake inali kukhala pamtengo paja kumvetsera. Akamva liwu loti lingapweteke mtima wa Wapampando, adule ulusi ndi mlomo, liwulo alilembe m'buku, ndipo wolinenayo amangidwe pakamwa ndi luzi mpaka dzuwa litalowa. M'mawa uliwonse Kangaude ankalumikiza ulusi wodukawo akung'ung'udza, ndipo a Mlembi ankawerenga pa ulusi mawu onse oletsedwa, kuti wina asadzanamizire kusadziwa. Ankawerenga motsatana monga anawalembera, n'kutsiriza ndi kunena kuti uthengawu wachokera ku ofesi ya Wapampando. Ulusi wopita kunyumba kwa a Njiri wokha ankauponda ndi phazi powerengapo, kuti bwana asamve zoipazo.

M'bukumo munali mawu atatu: njerewere, mano, kugwada. Kugwada analetsa chifukwa a Njiri amadya atagwada. Kumapemphero wotsogolera ankangoti tiyeni tonse tifupike.

M'dzikomo munali Gologolo wina, mayi wa mwana mmodzi wokwawa, ndipo aliyense ankamuitana kuti make Ndaziona. Chaka chimenecho a Njiri anamangitsa chimbudzi chatsopano cha njerwa zootcha, chitseko chopenta. Tsiku lochitsegulira kunali magule, riboni inadulidwa, bwana analowamo akuomberedwa m'manja n'kutulukamo akuomberedwanso. Chimene palibe anachiyang'ana n'chakuti anachikumba kumtunda kwa chitsime, mapazi khumi okha. A Njiri sankamwa za pachitsimepo. Anali ndi thanki yawo ya madzi a mvula.

Sipanapite mwezi, Ndaziona anayamba kutsegula m'mimba. Maso analowa, liwombo linalowa, kulira kwake kunali kopanda misozi. Mayi ake ankamumwetsa madzi a mchere ndi shuga, koma ankangodutsa. Atapita naye kwa agogo a mwanayo, kutali ndi chitsimecho, masiku anayi, mwana anachira n'kuyamba kuseka. Atabwerera, tsiku lachiwiri lomwe, zinayambiranso. Make Ndaziona sanapite kwa sing'anga. Anatenga lichero lodzaza gaga, nakamuthira m'chimbudzi cha bwana masana alonda akudya. M'mawa mwake gaga yense anali kuyandama m'chitsime.

Anatenga munsi n'kuima pamtondo pafupi ndi ulusi. Nyimbo imene anaipeka inali ya mizere iwiri yokha. Mzere woyamba unkafunsa kumene madzi amalowera akachoka kumtunda, wachiwiri unkatchula chimene chinamangidwa kumtundako, ndipo wosinja naye ankangoyenera kuvomera ndi kung'ung'udza pamene munsi ukugwa. Mzere woyamba unayenda bwino. Atangoyamba wachiwiri, ulusi unaduka. Posakhalitsa a Mlembi anatera pankhokwe, luzi lili kukamwa, buku lili m'khwapa.

"Mayi, mwatchula nyumba ya bwana."

"Si nyumba, a Mlembi, ndi chimbudzi."

"Mwatchulanso kachiwiri. Tsekani pakamwapo ndimange."

Anayesa kufotokoza za gaga, koma a Mlembi anati za gaga si za ofesi yawo. Anakhala tsiku lonse womangidwa, mwana akumuyang'ana modabwa.

Luzi litamasulidwa, make Ndaziona anati basi, miyendo ilipo. M'mawa mwake anabereka mwana n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo. Kulikonse ankapeza mwini nyumba atatsamira khoma, khutu pa ulusi. Nungu anamumvera pang'ono, kenaka anamupempha kuti asunthe chifukwa akutchinga mawu. Kwa a Njiri alonda anati uthenga uliwonse uyambe wadzera kwa a Mlembi. Pomaliza anafika kwa mnzake wosinja naye, Nkhanga, amene ana ake atatu anali gone pamphasa, mimba zikulira.

"Zimenezi zamveka pa ulusi?" anafunsa Nkhanga.

"Sizinamveke. Ndaona ndi maso angawa."

"Ndiye mwazitenga kuti, anzanga? Zikanakhala zoona tikanamva."

Kuyambira tsiku limenelo make Ndaziona ankatunga madzi kumtsinje, ulendo wonyamuka m'mawa n'kubwera dzuwa lili pamutu, mtsuko pamutu, mwana kumsana. Koma mwana wokwawa sungamuuze kuti beseni ili ayi. Ukangotembenuka, wafika kale kwa aneba, mutu uli m'ndowa. Ankachira masiku awiri, n'kudwala atatu, ndipo ulendo uliwonse ankapepuka kumsana. Mayiyo anaona kuti chimbudzi chija chikapanda kukwiriridwa, mvula ikubwerayo adzabereka nsalu yokha.

M'mawa wina akuchapa matewera anamva a Mlembi akuwerenga mawu oletsedwa: njerewere, mano, kugwada, chimbudzi. Kuseri kwa mpanda Nkhanga ankawerenga nawo pamodzi ngati pemphero, ana odwala aja n'kumatsatira. Make Ndaziona anasiya kuchapa. Anaona kuti m'dziko lonselo mawu amene ankafika khomo lililonse, tsiku lililonse, osadulidwa, ndiponso okhulupiriridwa, anali oletsedwawo.

Anapita kwa Nkhanga n'kumuuza kuti sakumupempha kuti akhulupirire kanthu. Akungofuna kuti akasinje naye, ndipo akamva liwu lililonse m'nyimbo aseke mmene amasekera paukwati. Nkhanga anati zimenezo n'zosavuta, kuseka ndiye sanaletse.

Tsono a Mlembi anali ndi chofooka chawo. Chibadwire sanamvepo chinthu choseketsa. Akamva amayi akuseka iwo osadziwa chifukwa, nthenga zinkaima, poganiza kuti pali chipongwe chimene chawadutsa pansi pa mlomo.

Make Ndaziona anayamba nyimbo yomwe ija, mayimbidwe omwe aja a funso ndi yankho, koma mawu onse anawameza, n'kumangong'ung'udza motsatira munsi. Atafika pakati anaponyapo liwu limodzi lokha, lakuti chatsopano. Nkhanga anaseka mpaka kugwira nthiti, munsi n'kugwera uko. Ulusi unaduka, a Mlembi anatera.

"Chikuseketsa n'chiyani pamenepa?"

"Palibe, a Mlembi."

"Nanga awa akusekeranji?"

"Afunseni eni ake."

Nkhanga atafunsidwa anangoyang'ana kolala ya a Mlembi n'kuyambiranso, ulendo uno kuseka kwenikweni. A Mlembi anati iwo si mwana, akudziwa bwino zimene zikutanthauzidwa, ndipo analemba liwulo m'buku. Make Ndaziona anapereka yekha pakamwa.

Tsiku lotsatira nyimbo yomweyo, kung'ung'udza komweko, liwu lake linali chikuthira. Linalowa m'buku. Tsiku lachitatu, m'chitsime. Linalowa. Moyo unayamba kuvuta m'dzikomo. Wogula chitenje ankati wagula chimene sichinakalambe. Amayi ponyamula ndowa ankati akupita kuja timapita kuja. Tsiku lachinayi liwu linali musamwe, ndipo litangoletsedwa amuna a kumowa anavina mpaka fumbi, chifukwa akazi awo analibenso chowauza.

Milomo ya make Ndaziona inatupa ndi luzi, inachita mizere. Phala la mwana sankathanso kuliuzira, ankachita kulikupiza ndi mchira. Nkhanga anamufunsa ngati mutu ukuyenda bwino, iye anangoloza ulusi, kutanthauza kuti mawa mumvetsere.

M'mawa mwake a Mlembi anakonza pakhosi, anaponda ulusi wa kwa bwana monga mwa masiku onse, n'kuwerenga ndi mawu a ofesi:

"Njerewere, mano, kugwada. Chimbudzi, chatsopano, chikuthira, m'chitsime, musamwe. Uthengawu wachokera ku ofesi ya Wapampando."

Kenaka kunamveka mitsuko ikukhuthulidwa khomo ndi khomo, ngati mvula yagwa mbali imodzi. Nkhanga anadumpha mpanda akuthamanga kudzauza make Ndaziona kuti asayerekeze kumupatsa mwana madzi a kuja timapita kuja, nkhani yatuluka ku ofesi. Make Ndaziona anathokoza chifukwa chomudziwitsa.

A Mlembi okha sanamve zimene ananena. Iwo ankawerenga mawu ngati mmene timawerengera mazira, osaganiza za nkhuku. Mawa lake anawerenganso, mkuja wakenso, ndipo anadabwa kuti masiku ano anthu akumvetsera bwino.

Koma chimbudzi chinali chikhalire. Dziko lonse tsopano linkapita kumtsinje, mzere wa ndowa osaoneka pothera, ndipo mtsinjewo unayamba kuphwa. Woti alamule kuti chikwiriridwe anali Wapampando yekha, koma mawu onse omuuzira anali m'buku. A Njiri ankalowabe m'nyumba yawo yopenta ija katatu pa tsiku akuimba mluzu, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti palibe mtsogoleri wokondedwa ngati iwo, poti miyezi yonseyi sanamve dandaulo ngakhale limodzi.

Sabata yotsatira inali ya chisankho. Kumeneko sankaponya mapepala. Opikisana ankaima pabwalo atayang'ana kumpanda, ndipo aliyense ankakaima kumbuyo kwa amene akumufuna. Wopikisana sankaloledwa kucheuka mpaka Mlembi atalengeza chiwerengero, ndipo wochoka pamalo pake chiwerengero chisanalengezedwe ndiye kuti wadzichotsa yekha. Mwambo unkafunanso kuti opikisana akhale awiri. Popeza palibe amene analimba mtima, a Mlembi anakatola Nkhono, amene anali atadzimata m'chigoba chake kudikira mvula, n'kumuika pansi pambali pa a Njiri. Anati ameneyu ndiye wopikisana wabwino, chaka chonse sananenepo liwu loipa.

A Njiri anaima, chifuwa patsogolo, maso kumpanda. Make Ndaziona anayenda pang'onopang'ono, mwana kumsana, aliyense akumuona, n'kukaima kwa Nkhono. Panali kukangana pang'ono kuti kumbuyo kwa Nkhono ndi kuti, poti chigoba n'chozungulira, mpaka Nungu anagamula kuti kumbuyo ndi kulikonse kumene kulibe a Njiri. Mzere unakula. Alonda anaimako. Akazi a bwana anaima kumapeto atafunda chitenje kumutu.

A Mlembi anawerenga mzere wa Nkhono, nalemba. Anapita kumbuyo kwa a Njiri, anayang'ana, anayang'ananso pansi pa miyendo, nalemba. Atakwera pachitsa kuti alengeze, anatsegula mlomo, n'kutseka. Anatsegulanso, n'kutsekanso.

Make Ndaziona anayandikira n'kufunsa monong'ona, mwaulemu wonse, ngati chiwerengerocho chikondweretse mtima wa bwana. A Mlembi anapukusa mutu. Anafunsanso kuti nanga lamulo limati chiyani za mawu otero. A Mlembi anaganiza, thukuta likutsika m'kolala, kenaka anatulutsa luzi la ofesi n'kupempha mayiyo kuti amange msanga mawuwo asanatuluke okha. Mayiyo anamanga bwinobwino, mfundo ziwiri, poti ntchitoyo ankaidziwa.

Ndiye zinthu zinaima motere. Wapampando wakale anali atatula mpando poima pabwalo, watsopano anali asanalengezedwe, ndipo wolengeza anali womangidwa. Dzuwa likalowa ankamumasula, koma m'mawa akangokwera pachitsa ankapemphanso luzi. Make Ndaziona anafunsa gulu kuti pamene palibe Wapampando, ndani angaletse munthu kugwira khasu. Anthu anabalalika kukatenga makasu. Tsiku lomwelo chimbudzi chinagwetsedwa, dzenje linakwiriridwa, n'kudzalapo nthochi monga timachitira. Amuna anayamba kukumba chitsime china kutali ndi pamenepo.

A Njiri anali chiimire. Ankamva phokoso la makasu n'kumati akukonza bwalo la chikondwerero. Kuchedwa kwa chiwerengero ankati n'chifukwa cha kutalika kwa mzere wawo, ndipo ankamwetulira mpanda. Tsiku loyamba linatha. Lachiwiri dzuwa litafika pamutu, lilime linauma. Kiyi wa thanki anali ndi akazi awo, amene anali atapita kwawo mwadzidzidzi kukaona odwala. Atamva mapazi kumbuyo anafunsa osacheuka kuti ndani.

"Ndine make Ndaziona, bwana."

"Mzere wafika pati, mayi?"

"Zimenezo amanena ndi a Mlembi."

"Chabwino. Ndipatseniko madzi."

"Apafupi alipo, bwana, koma ali ndi nkhani yake."

"Nkhani yokoma?"

"Mawu ake onse ali m'buku."

"Ndiye nkhaniyo sungani, mundipatse madziwo."

Anawafunsa katatu ngati akutsimikiza kuti sakufuna kumva, Nkhanga ndi Nungu ali mboni, ndipo katatu konse a Njiri anati mtima wawo sufuna zosokoneza pa nthawi ya chisankho. Make Ndaziona anakatunga pachitsime chakale. A Njiri anamwa zikho zitatu, n'kuyamikira kuti madzi a anthu wamba ali ndi kakomedwe kakekake.

Dzuwa litapendeka, mimba inayamba kuyankhula. Inayankhula mokweza, popanda woidula. A Njiri anapanikiza miyendo, anaima ndi mwendo umodzi, anasintha wina, anafunsa mpanda ngati a Mlembi atsala pang'ono. Anayesa kuimba nyimbo ya fuko. Pa ndime yachiwiri anatembenuka.

Kumbuyo kwawo kunali bwalo lopanda kanthu, Khwangwala womangidwa mlomo ali pachitsa, ndi kamwana ka Gologolo kakuwayang'ana kuchokera kumsana kwa amake. Analibe nthawi yodabwa. Analiyatsa liwiro, mchira uli njo, kulunjika ku chitseko chopenta. Anapeza nthochi. Anaizungulira kawiri, akufunsa mofuula kuti chimbudzi chatsopano chapita kuti, ndipo palibe amene anawakumbutsa kuti mawu onse awiriwo ndi oletsedwa. Anapitirira kuthengo. Mpaka lero mukakumana ndi njiri ikuthamanga, muone mchira. Ikufunafunabe.

Popeza anachoka okha pamalo, sakanabwereranso pampando, ndipo mtima wawo unasanduka mtima wamba woti ukhoza kupwetekedwa. A Mlembi anamasulidwa n'kulengeza chiwerengero. Nkhono anapambana ali m'tulo. Anamunyamula n'kukamuika pampando, ndipo analamulira miyezi itatu osadziwa. Munthu wogona sapwetekedwa mtima, choncho panalibenso choletsa.

Chitsime chatsopano chinatulutsa madzi tsiku lachitatu. Ndaziona anamwa, anagona, anadzuka n'kulira ndi misozi yeniyeni. Pakutha pa sabata liwombo linadzaza, ndipo kumsana anayamba kulemera moti amake ankadandaula chiuno.

Nyimbo za pamtondo zinabwerera. Yoyamba kumveka dziko lonse anaipeka Nkhanga, ndipo inali yonena za mayi wina wa milomo yotupa ngati mandasi, amene akuyenda modzimva ngati chitsime anakumba yekha ndi mchira. Amayi onse ankavomera, minsi ikugwa pamodzi. Make Ndaziona anaimva ali pakhomo pake akumwetsa mwana. Inamuwawa, tisaname. Makutu anatentha, ndipo anayamba kale kuganiza za miyendo ya Nkhanga yoti aiyikire nyimbo yake.

Asanamalize kuganiza, Khwangwala anatera pankhokwe, buku lili m'khwapa. Anali atakhala masiku ambiri wopanda ntchito. Anati wamva chipongwecho ndipo n'chosayenera kwa mayi amene anapulumutsa dziko. Anati tsamba lilipo lopanda kanthu, angotchula liwu limodzi lokha, kaya milomo, kaya mandasi, mawa lomwe likhala litatha.

Make Ndaziona anayang'ana bukulo nthawi yaitali ndithu. Kenaka anapukuta mwana kukamwa, n'kumuwonjezera madzi m'chikho.

"Asiyeni aimbe, a Mlembi. Mawa ndisinja ndine."

Nthano yanga yakhala pansi pamenepa. Amene anasiya mbatata pamoto akaione, mwina yapserera.